Kuunika __has_include ya GCC: chida chothandiza chimene ma macro amatha kuchisokoneza mwakachetechete

Aliyense amene amalemba pulogalamu ya C yoti imangidwe pa makina osiyanasiyana amafunika kudziwa ngati fayilo ya header (fayilo ya .h yolowetsedwa ndi `#include`) imene akufuna ilipo pa makina amene akumangirapo. Kwa zaka zambiri funso limeneli linkayankhidwa kunja kwa compiler (chida chimene chimasandutsa khodi kukhala pulogalamu yotha kuyenda), ndi zida monga Autoconf kapena CMake, zimene zimayesa makinawo kaye kenako n'kulemba mayankho mu fayilo ya config.h. Kuyambira pa mtundu wa 5 wa compiler ya GCC, womwe unatuluka mu 2015, preprocessor yake (gawo limene limayamba kuwerenga khodi n'kutsatira mizere yoyamba ndi `#`) imatha kuyankha funsoli yokha kudzera mu `__has_include`, chida chimene chinayambira mu compiler ina yotchedwa Clang, n'kudzalowa mu muyezo wa C++17, ndipo pambuyo pake mu muyezo wa C23. Ndachigwiritsa ntchito pa mitundu yakale ndi yatsopano ya GCC, ndipo maganizo anga ndi akuti ndi chida chabwino ndithu, koma chimene chimafuna kuti wochigwiritsa ntchito amvetse bwino nthawi imene preprocessor imatambasula ma macro (ndiko kuti kuchotsa dzina lokhazikitsidwa ndi `#define` n'kuikapo mawu amene dzinalo likuimira) ndi nthawi imene imawasiya momwe alili, chifukwa chikalakwitsa sichinena kanthu.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Mumalemba `__has_include` mu mzere wa `#if` kapena `#elif`, n'kuika dzina la header mkati mwake, ndipo yankho limakhala 1 ngati fayiloyo yapezeka m'mafoda amene compiler imafufuzamo, kapena 0 ngati sinapezeke. Kalembedwe kotetezeka ndi aka:

```c
#if defined __has_include
#  if __has_include (<threads.h>)
#    include <threads.h>
#    define TILI_NDI_THREADS 1
#  endif
#endif
```

Anthu ambiri amafuna kufupikitsa mizere iwiri yoyambirirayo kuti ikhale umodzi pogwiritsa ntchito `&&`, ndipo buku la malangizo la GCC limachenjeza momveka bwino kuti kalembedwe kotero sikagwira pa compiler iliyonse. Chifukwa chake ndi chakuti preprocessor ikapeza dzina limene silidziwa mkati mwa `#if` imaikapo 0, ndiye pa compiler yakale monga GCC 4.8 mzerewo umasanduka ziro wotsatiridwa ndi mabulaketi ndi dzina la fayilo, zomwe si masamu omveka. Ngakhale mbali yakumanzere ya `&&` itakhala yabodza, mzere wonse umayenera kuwerengeka bwino kaye, choncho kumanga kumaima pomwepo. Vuto limeneli ndi laling'ono poyerekeza ndi ena otsatirawa, popeza limaonekera nthawi yomweyo.

Vuto lenileni lili pa momwe dzina la header limawerengedwera. Mukalemba `#include <linux/stat.h>`, preprocessor imatenga zonse zili pakati pa zizindikiro za < ndi > ngati chinthu chimodzi chosagawika, ndipo siyang'ana ngati mkatimo muli dzina la macro. Koma mawu omwewo akapezeka pamalo ena alionse, mwachitsanzo mkati mwa `#define` kapena ngati argument ya macro (mawu operekedwa kwa macro m'mabulaketi), sawerengedwanso ngati dzina la header. Amagawidwa m'zidutswa zisanu ndi ziwiri: chizindikiro cha <, mawu akuti `linux`, kamzere kopendekeka, mawu akuti `stat`, kadontho, chilembo cha `h`, ndi chizindikiro cha >. Chidutswa chilichonse chooneka ngati dzina chimayang'anidwa ngati ndi macro. Tsono pa Linux, GCC ikamagwira ntchito mwachizolowezi chake, ndiko kuti ndi `-std=gnu11` kapena `-std=gnu17` ndi zina zotero, mawu akuti `linux` ndi `unix` amakhala ma macro okhazikitsidwa kale, ndipo onse awiri amatanthauza 1. Mungadzionere nokha polemba `gcc -dM -E - < /dev/null`, lamulo limene limasindikiza ma macro onse amene compiler imabwera nawo. Zotsatira zake n'zakuti dzina lija limasanduka `<1/stat.h>`, fayilo imene kulibe pa makina alionse.

Apa ndi pamene GCC yakale inalephera. Kuyambira pa GCC 5 mpaka GCC 9, `__has_include` sichinali chida chapadera cha preprocessor koma macro wamba yolandira argument, imene inkapereka argument yakeyo kwa chida china chamkati chotchedwa `__has_include__`. Pa mitundu imeneyi mndandanda wa `-dM` umaonetsa macro imeneyo poyera. Popeza argument ya macro wamba imatambasulidwa isanaikidwe m'malo mwake, funso lolembedwa molondola kwambiri, `__has_include (<linux/stat.h>)`, linkafika mkatimo litasinthika kale, ndipo yankho linkakhala 0 ngakhale fayiloyo ili pamalo pake mu /usr/include. Palibe chenjezo lililonse limene linkatuluka, chifukwa kwa preprocessor kufunsa za fayilo imene kulibe si kulakwa, ndiyo ntchito yeniyeni ya chidachi. Pulogalamu inkamangika bwinobwino, koma itatenga njira yachiwiri imene wolemba anaikonzera makina osowa header imeneyo.

Vutoli linalembedwa m'kaundula wa zolakwika wa GCC pa nambala 80005, ndipo linakhudza ngakhale glibc, laibulale yaikulu ya C ya pa Linux. Mu fayilo yake ya bits/statx.h, glibc imafunsa za linux/stat.h pogwiritsa ntchito zizindikiro za mawu ogwidwa m'malo mwa < ndi >, ndipo pamwamba pake pali ndemanga yofotokoza kuti anachita zimenezo pozemba cholakwika chomwechi. Njirayi imagwira chifukwa mawu amene ali mkati mwa zizindikiro za mawu ogwidwa amawerengedwa ngati chidutswa chimodzi kulikonse kumene apezeka, ndipo preprocessor sitambasula macro mkati mwake. GCC 10, yomwe inatuluka mu 2020, inakonza vutoli pochititsa kuti `__has_include` izizindikiridwa mwachindunji, kotero kuti dzina lolembedwa pakati pa < ndi > limawerengedwa monga momwe `#include` imaliwerengera. Kukonzako kunali koyenera, koma kunabwera patadutsa zaka zisanu, ndipo m'zaka zimenezo munatuluka makina ambiri amene anthu akugwiritsabe ntchito. Pa mitundu ya Linux, Red Hat Enterprise Linux 8 ndi Debian 10 zinabwera ndi GCC 8, pomwe Ubuntu 20.04 inabwera ndi GCC 9. Wolemba laibulale amene akufuna kuti khodi yake imangike pa makina ngati amenewa sangangodalira kuti vutoli linatha.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti ngakhale pa GCC yatsopano, kapenanso pa Clang, wolemba pulogalamu angathe kulibweretsanso vutoli ndi manja ake. Popeza kulemba mizere iwiri ya `#if` paliponse n'kotopetsa, ambiri amapanga macro yawoyawo yophimba chidachi, motere:

```c
#ifdef __has_include
#  define ILIPO(x) __has_include (x)
#else
#  define ILIPO(x) 0
#endif
```

Kalembedweka kamaoneka kaukhondo, ndipo pa mafayilo ambiri kamagwira. Koma lamulo la C limanena kuti argument ya macro imatambasulidwa yonse isanalowetsedwe m'thupi la macro, pokhapokha ngati m'thupimo yayandikana ndi chizindikiro cha `#` kapena `##`. Pamene preprocessor ikuwerenga `ILIPO(<linux/stat.h>)` siidziwa kuti mawuwo akupita kwa `__has_include`, choncho imawagawa m'zidutswa zija n'kusintha `linux` kukhala 1. Kunena mwachidule, macro yophimbayi ikuchita ndendende zimene GCC 9 inkachita mkati mwake. Pamenepa sitingaimbe mlandu GCC, chifukwa ikutsatira muyezo, umene umati dzina likalembedwa mwachindunji liwerengedwe momwe lilili, koma likafika ngati zidutswa lithe kutambasulidwa ngati mawu ena onse.

Ena amaganiza kuti kumanga ndi `-std=c11` kapena `-std=c17` kumathetsa nkhaniyi, popeza pamenepo GCC siikhazikitsa `linux` ndi `unix`, imangosiya mayina okhala ndi timizere tapansi monga `__linux__`. Zimenezo zimachotsa chitsanzo chodziwika kwambiri chokhacho, koma gwero la vutoli limatsala. Ma header a muyezo wa C eniake amakhazikitsa ma macro amene mayina awo amafanana ndi mayina a mafayilo. Mukangolowetsa complex.h, mawu akuti `complex` amakhala macro yotanthauza `_Complex`, ndiye `ILIPO(<complex.h>)` ikafunsidwa pambuyo pake imafufuza fayilo yotchedwa _Complex.h. Chimodzimodzinso ndi errno.h, popeza mu glibc `errno` ndi macro imene imatambasuka kukhala mawu oitana `__errno_location`, ndipo dzina la fayilo limasanduka chinthu chosaoneka n'komwe ngati dzina. Chodabwitsa n'chakuti assert.h imapulumuka, chifukwa `assert` ndi macro yolandira argument, ndipo macro yotere imatambasulidwa pokhapokha ngati dzina lake latsatiridwa ndi bulaketi yotsegula, pomwe apa latsatiridwa ndi kadontho. Zonsezi zikutanthauza kuti funso limodzi lomwelo lingayankhidwe 1 mu fayilo ina ndi 0 mu fayilo inanso ya pulogalamu yomweyo, malingana ndi ma header amene analowetsedwa funsolo lisanafunsidwe. Ngati yankholo likusintha kukula kwa struct (gulu la deta loikidwa pamodzi) imene mafayilo awiriwo amagawana, cholakwikacho chimadzaonekera pulogalamu ikuyenda, kutali kwambiri ndi mzere umene unachiyambitsa.

Pali njira yokonzera macro yophimbayi, yomwe ndi kugwiritsa ntchito chizindikiro cha `#` kuti argument isandulike mawu ogwidwa isanatambasulidwe, ndiko kulemba `__has_include (#x)` m'thupi la macro n'kumaitana `ILIPO(linux/stat.h)` popanda < ndi >. Njirayi imagwira, koma ili ndi malire awiri amene ndikuona kuti ndi ofunika kuwadziwa. Malire oyamba ndi akuti chitetezocho chimagwira pa macro yokhayo imene ili ndi `#`, ndiye wina akadzaiphimbanso ndi macro ina, argument idzatambasulidwa pa macro yakunjayo isanafike mkati. Malire achiwiri ndi akuti mawu ogwidwa amasintha malo ofufuzamo. Dzina lolembedwa pakati pa < ndi > limafufuzidwa m'mafoda operekedwa ndi `-I` ndi m'mafoda a makina, pomwe dzina la mawu ogwidwa limayamba kufufuzidwa mu foda imene muli fayilo yofunsayo, kenako m'mafoda a `-iquote`, ndipo pambuyo pake m'mafoda ena aja. Ngati pulogalamu yanu ili ndi fayilo yakeyake ya dzina lofanana ndi header ya makina, funso lidzayankhidwa 1 chifukwa cha fayilo yanuyo, koma `#include` yolembedwa ndi < ndi > pansi pake idzalephera kapena idzatenga fayilo ina. Choncho funso ndi kulowetsa ziyenera kulembedwa ndi zizindikiro zofanana, monga momwe glibc inachitira.

Kufufuza vuto lotere kumavuta pang'ono chifukwa `gcc -E` siisindikiza mizere ya `#if`, imangosindikiza khodi imene yatsala itasankhidwa. Njira imene ndimaiona yachangu ndi kulemba macro yongobweza argument yake, monga `#define ONETSA(x) x`, n'kuika `ONETSA(<linux/stat.h>)` pa mzere wamba pamalo pomwe pali funso lija. Mukayendetsa `gcc -E` mudzaona `<1/stat.h>` italembedwa pamaso panu. Njira ina ndi kuika dzinalo mu macro n'kulilowetsa ndi `#include` kudzera mu macro imeneyo, popeza kutambasula kwake n'kofanana, koma `#include` ikalephera imaima ndi uthenga wotchula dzina limene inafufuza. Kuti mudziwe mafoda amene akufufuzidwa ndi ndondomeko yake, `gcc -E -v` imawasindikiza onse, ndipo `-H` imaonetsa header iliyonse imene yalowetsedwa. Zida zimenezi n'zokwanira, koma ndikanakonda GCC ikanakhala ndi chenjezo lapadera lonena kuti dzina loperekedwa kwa `__has_include` lasinthidwa ndi macro, chifukwa si kawirikawiri munthu kufuna zimenezo mwadala.

Mbali ina imene iyenera kuyezedwa mwachilungamo ndi kuchepa kwa funso limene chidachi chimayankha. Chimangonena kuti fayilo ya dzina limenelo ilipo, sichinena kuti ingamangike kapena kuti muli zimene mukufuna. Chitsanzo chili mu GCC momwemo: imabwera ndi fayilo ya varargs.h imene mulibe china koma mizere ya `#error` youza wolemba kuti asamukire ku stdarg.h. Mukafunsa za fayiloyo yankho limakhala 1, ndipo mukailowetsa kumanga kumaima. Chitsanzo china ndi sys/sysctl.h, imene mu glibc 2.30 inayamba kutulutsa chenjezo lakuti ikutha ntchito, isanachotsedwe mu glibc 2.32, kotero kuti pa mitundu ya pakatipo pulogalamu yomangidwa ndi `-Werror`, imene imasandutsa machenjezo kukhala zolakwika, inkapeza fayiloyo koma n'kulephera kumangika nayo. Autoconf inadutsa m'phunziro lomweli kale. Poyamba macro yake yofufuzira header, `AC_CHECK_HEADER`, inkangofunsa preprocessor, kenako inayamba kufunsa preprocessor ndi compiler zonse ziwiri n'kumachenjeza mayankho akasiyana, mu mtundu wa 2.64 wa 2009 inayamba kutsatira yankho la compiler, ndipo kuyambira pa 2.70 wa 2020 imangofunsa compiler yokha. Imalolanso wolemba kutchula ma header amene ayenera kulowetsedwa poyamba, chinthu chofunika pa mafayilo ngati net/if.h amene pa makina ena samangika popanda sys/socket.h. `__has_include` ilibe njira yochitira zimenezi, ndipo pa nkhani imeneyi ili pomwe Autoconf inali isanasinthe.

Sindikunena kuti njira ya config.h ilibe misampha yake ya ma macro. Autoconf imasandutsa dzina la header kukhala dzina la macro pokweza zilembo zonse ndi kuika kamzere kapansi m'malo mwa kadontho ndi kamzere kopendekeka, kotero sys/stat.h imakhala `HAVE_SYS_STAT_H`, ndipo header ikasowa macro imeneyo siikhazikitsidwa n'komwe. CMake ili ndi njira ziwiri: `#cmakedefine` imachita ngati Autoconf, pomwe `#cmakedefine01` imakhazikitsa macro nthawi zonse, kukhala 0 kapena 1. Wofunsa ndi `#ifdef` pa macro ya mtundu wachiwiriwu amalandira yankho lakuti inde ngakhale mtengo wake uli 0, ndipo wofunsa ndi `#if` akalakwitsa chilembo chimodzi m'dzina la macro amalandira 0 popanda dandaulo, pokhapokha atayatsa `-Wundef`. Palinso chizolowezi choika mawu akuti `defined` mkati mwa thupi la macro imene idzagwiritsidwe ntchito mu `#if`, chimene muyezo wa C sutsimikizira zotsatira zake, ndipo GCC imachenjeza za icho ndi `-Wexpansion-to-defined`. Kusiyana kwake n'kwakuti pa njira ya config.h dzina la fayilo limafufuzidwa kamodzi kokha, mu kapulogalamu koyesera, ndipo yankho lake limalembedwa pamalo pamene munthu angaliwerenge.

Pamene `__has_include` imapambana mosakayikitsa ndi m'ma header amene laibulale imaika pa makina kuti anthu ena azigwiritsa ntchito. Header yotere singadalire config.h ya laibulaleyo, chifukwa mayankho ali mmenemo ndi a makina amene laibulale inamangidwirapo, osati a munthu amene akuigwiritsa ntchito lero ndi compiler ina kapena ndi ma header atsopano a kernel (chimake cha Linux), komanso mayina a `HAVE_` angawombane ndi a pulogalamu yake. Nkhani ya glibc ndi linux/stat.h ili chimodzimodzi, popeza ma header a kernel amasinthidwa paokha popanda kumanganso glibc. Imathandizanso pomangira makina a mtundu wina, chifukwa funso limayankhidwa ndi compiler yomwe ikumangayo, m'mafoda omwe ikugwiritsa ntchito, popanda gawo lina loyesera limene lingaiwale `--sysroot` kapena `-I` imodzi. Kwa ma header ophimba a dongosolo la makina palinso `__has_include_next`, imene imafufuza kuyambira pa foda yotsatira monga `#include_next` imachitira, koma imeneyo ndi yowonjezera ya GCC ndi Clang, siili mu muyezo.

Mtengo wa kuphweka kumeneku ndi wakuti pulogalamu imasintha khalidwe malingana ndi zimene zapezeka pa makina, popanda wina kupanga chisankho. Munthu akaika phukusi la ma header a laibulale ina pa zifukwa zake, pulogalamu yanu ingayambe kulowetsa header imeneyo n'kulephera pa nthawi yolumikiza chifukwa palibe amene anauza linker (chida cholumikiza pulogalamu ndi malaibulale) za laibulaleyo. Komanso mafayilo amene `-MD` imalemba kuti make, chida choyendetsa ntchito yomanga, idziwe zoyenera kumanganso amatchula ma header amene alipo, ndipo make ilibe njira yodikira fayilo imene inafunsidwa n'kusapezeka. Header ikadzaikidwa pambuyo pake, mafayilo amene asinthidwa adzamangidwa ndi yankho latsopano pomwe otsalawo akhalabe ndi lakale, mpaka wina atafufuta zonse n'kumanga kuchokera pachiyambi. Pa chifukwa chimenechi sindilimbikitsa kugwiritsa ntchito chidachi posankha ngati pulogalamu idalire laibulale yakunja, chisankho chimene chiyenera kukhala m'manja mwa womanga. Pa ma header a muyezo amene akufika pang'onopang'ono, monga threads.h imene glibc inayamba kupereka mu mtundu wa 2.28 mu 2018, kapena stdbit.h imene inafika mu 2.39 mu 2024, chimakwanira bwino, malinga funsolo lilembedwe mwachindunji mu `#if`, pamalo amodzi, ndipo yankho lake lisungidwe mu macro wamba ya 0 kapena 1 imene mafayilo ena onse aziwerenga. Ngati khodiyo iyenera kumangikanso pa GCC 9 kapena yakale kuposa pamenepo, dzina lililonse lokhala ndi mawu amene ali macro, monga `linux` kapena `unix`, lilembedwe ndi zizindikiro za mawu ogwidwa, mu funso ndi mu `#include` yomwe, ndipo muyambe mwaonetsetsa kuti mu foda ya fayilo yofunsayo mulibe fayilo ina ya dzina lomwelo.